Dzina la sukulu si bulangete: zimene ndidakaona ku Chicago



Mudandipempha kuti ndidzanenepo za kasankhidwe ka sukulu za ukachenjede za kunja. Za mafomu ndi mayeso ndawasiyira amene ayankhule ine ndikakhala pansi. Za ziphaso zolowera ku America, zimene malamulo ake adayamba kutifinya ife Amalawi m'chaka cha 2025, nazonso ndawasiyira iwo. Ine ndabwera ndi nkhani imodzi yokha, ya mwana wa mlongo wanga, ndi ya masiku atatu amene iye ndi ine tidatha tikuzungulira pa Yunivesite ya Chicago, kufuna kuona ngati ndi malo oti munthu angasiyepo mwana wake zaka zinayi n'kumagona tulo.

Mukudziwa kuti si tonse amene tidabwerera kumudzi zinthu zitasintha mu 1994. Mlongo wanga ndi mmodzi mwa amene adatsalira. Amakhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, kumene kuli Amalawi ambiri ndithu, ndipo amagwira ntchito yosamalira okalamba. Mwana wake womaliza, mtsikana, ndi wa mutu wakuthwa, uja amawerenga ngakhale pepala lokulungira nsomba. M'mwezi wa Malichi 2022 makalata adabwera. Yunivesite ya boma ya kufupi ndi kwawo idamupatsa malo. Ya Chicago nayonso idamupatsa malo, pamodzi ndi chithandizo cha ndalama choti chotsalacho mayi wake akadatha kulipira. Lamya idalira kwanga pakati pa usiku, poti mlongo wanga mpaka lero sadavomereze kuti nthawi ya kuno ndi ya kumeneko n'zosiyana. Adati, "Achimwene, mphwanu uyu akufuna kukafera ku Chicago. Inu ndinu atsibweni ake, muyankhule naye."

Mantha ake adali pawiri, ndipo onsewo sadali opanda pake. Choyamba, chaka chapitacho, 2021, achinyamata atatu a payunivesitepo adaphedwa ndi mfuti, aliyense pa nthawi yake: wina mu Januwale, wina mu Julayi ndi chipolopolo chosokera ali m'sitima, wina mu Novembala, atangomaliza kumene maphunziro ake, m'manja mwa wachifwamba pafupi ndi sukulu. Awiri mwa iwo adali ana ochokera kunja, ku China. Chachiwiri, adamva kuti ophunzira a kumeneko amavala malaya olembedwa mawu onena kuti sukulu yawo ndi kumene chisangalalo chimakafera. Mayi wake wa munthu akamva zotere mungamuuze chiyani?

Mwamwayi ndidali kale ndi ulendo wa kumeneko mwezi wa Epulo. Koma chimene chidandichititsa kuti nkhaniyi ndiisenze pamutu ndi china. M'zaka za m'ma 1970, nditawoloka malire ndi kachikwama kamodzi, anthu ena achifundo adandipezera thandizo la maphunziro ndipo adandionetsa mayina a makoleji anayi kuti ndisankhe. Ndidaloza dzina limene ndidalimvapo ndili kusekondale. Sindidafunse kuti tauni yake ndi yotani, anthu ake amakhala bwanji, kapena ngati kuli Mwafirika wina aliyense. Ndidakapezeka m'tauni ina ya kumpoto kwa Ulaya kumene ophunzira ankatuluka m'kalasi aliyense n'kulowa m'chipinda chake, chitseko khwapu. Nyengo yozizira itafika ndidayamba kujomba, kenaka kugona usana wonse, kenaka kusadya. Chaka choyamba ndidalephera. Mabuku sadandikanike ayi, ndidalephera chifukwa miyezi isanu idatha popanda munthu wondifunsa kuti ndadzuka bwanji. Cholakwa chidali changa. Ndidafunsa kuti sukulu yaikulu ndi iti, pamene ndikadafunsa kuti ine ndikakhala bwanji kumeneko. Safunsa adadya phula, ndipo ine ndidalidya lokwanira.

Tsono tiyeni tione kaye mbiri ya sukulu imene mwanayu ankaifuna, poti kuuma kwake sikudayambe dzulo. Idakhazikitsidwa mu 1890 ndi ndalama za John D. Rockefeller, mpondamatiki wa mafuta, ndipo makalasi adayamba mu 1892. Mu 1939 mtsogoleri wake, Robert Maynard Hutchins, adathetsa timu ya mpira wa chimereka, imene idali yotchuka dziko lonse, poona kuti ikusokoneza maphunziro. Mpirawo udadzabwerera patapita zaka 30, koma wopanda chikoka chakale chija. Pansi pa mipando ya bwalo lomwelo la mpira ndi pamene Enrico Fermi ndi anzake, pa 2 Disembala 1942, adayatsa kwa nthawi yoyamba mphamvu ya nyukiliya yoti munthu n'kuilamulira. Ndipo pamene padali bwalolo, kuyambira mu 1970, paima laibulale yaikulu yotchedwa Regenstein. Mukafuna kuimvetsa sukuluyi kumbukirani chimenechi: adafafaniza bwalo la mpira n'kumangapo nyumba ya mabuku.

Ndikuona ena mwayamba kumwetulira, chifukwa dzina la sukuluyi mudalimvapo m'misonkhano ija tinkakhala padzuwa tsiku lonse. Inde, Dr. Kamuzu Banda adatenga digiri yake pa sukulu yomweyi mu 1931, asanapite kukaphunzira udokotala ku Meharry, mu mzinda wa Nashville. Ali pamenepo ndiye ankamuuza mawu ndi ziganizo za Chichewa Mark Hanna Watkins, wophunzira wakuda wa ku America, amene buku lake la galamala ya Chichewa lidatuluka mu 1937. Choncho chiyankhulo chathuchi chidalowa m'makoma amenewo kalekale. Koma taonani, sukulu imene imanyadira kuti ana ake amatsutsana ndi aphunzitsi idatulutsanso munthu amene sankafuna kutsutsidwa. Ndiye musaganize kuti dzina la sukulu likuuzani mmene mwana wanu adzakhalire. Basi, ndisapitirire, tingachedwe.

Kuuma kwa maphunziro kumeneko kumachokera pa zinthu ziwiri zimene mungathe kuziwerenga musanapiteko. Chaka chawo adachigawa patatu, ndipo chigawo chilichonse kuphunzira kwake sikupitirira masabata khumi. Tanthauzo lake ndi lakuti sabata yachitatu kapena yachinayi mayeso ayamba kale, ndipo mwana akadwala sabata imodzi wataya gawo lalikulu la ntchito. Chinanso, mwana aliyense, kaya akufuna udokotala kaya za chuma, ayenera kudutsa m'maphunziro a onse: mabuku akale a nzeru za anthu, mbiri ya mitundu, za chikhalidwe cha anthu, sayansi, masamu ndi chiyankhulo chachilendo. Zimenezi zimadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a maphunziro ake onse. Mwa ana 100 amene amapempha malo, zaka zino amatengedwa asanu okha kapena kucheperapo, ndipo mtengo wa chaka chimodzi, pamodzi ndi malo ogona ndi chakudya, umaposa madola 80,000. Onse amene amalowa adali oyamba m'makalasi a kumene akuchokera. Akafika kumeneko theka la iwo lipezeka kumunsi kwa mndandanda, kwa nthawi yoyamba chibadwire. Kholo liyenera kudzifunsa ngati mwana wake angapirire chimenechi.

Tidanyamuka Lolemba m'mawa pa sitima ya South Shore, imene imachoka ku South Bend ndi kuima pa msewu wa 57, pafupi ndi sukulu, patatha pafupifupi maola awiri. Tsiku loyamba tidachita zimene alendo onse amachita. Mnyamata wina wansangala adatiyendetsa m'gulu, akuyenda chafutambuyo kuti azitiyang'ana, kutionetsa nyumba zamiyala zooneka ngati matchalitchi akale. Zidali bwino. Koma ulendo woterewu uli ngati chinkhoswe: aliyense wasamba, aliyense akuyankhula mwaulemu, ndipo sudziwa kuti pakhomopo amatukwanana kapena ayi. Ndidamuuza mphwanga kuti mawa tibwerenso tokha, ndipo tikhale mpaka usiku.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsere, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yanga. Sukulu zouma zili mitundu iwiri, ndipo papepala zimaoneka zofanana. Munda ungakhale womwewo, nthaka youma chimodzimodzi, dzuwa lomwelo. Koma kulima pa dima n'kosiyana ndi kulima ndime ya ganyu. Pa ganyu aliyense amayang'ana ndime yake, ndipo mnzako akatsalira iwe umakondwa chamumtima kuti mwini munda aona kusiyana. Pa dima wotsogola akafika kumutu amatembenuka kudzakumana ndi wotsalira, ndipo pamakhala nyimbo. Kutopa n'kofanana, koma wa pa dima mawa amadzukanso. Chimene ine ndidapitira ku Chicago n'kukaona ngati ana aja akulima dima kapena ganyu. Zoti ntchito ndi yambiri ndinkadziwa kale.

Nanga zimenezi munthu amaziona bwanji? Samafunsa kuti, "Kodi muli osangalala kuno?" Funso lotere aliyense amayankha mwaulemu. Ife tidakhala m'chipinda chodyera ndi kufunsa ana amene tidakhala nawo tebulo limodzi kuti ukadwala amakubwereka zolemba zake ndani, ndipo kodi umachita kupempha kapena amabwera nazo okha. Tidafunsa kuti usiku wapitawo adagona maola angati. Tidafunsa kuti mnzawo amene adalephera mayeso chigawo chapita ali kuti tsopano, ndipo akudziwa ndani. Mtsikana wina wa chaka chachiwiri adatiuza kuti ana a chaka choyamba amawagawa m'magulu a nyumba zogona, gulu lililonse lili ndi dzina lake, tebulo lake m'chipinda chodyera, ndi akuluakulu okhala nawo komweko, ndipo kuti ukapanda kuoneka patebulo masiku awiri wina amagogoda pachitseko chako. Mtima wanga udagunda pamenepo. Chitseko changa chija, zaka zija, palibe adagogodapo.

Chinanso chimene ndidaona n'chakuti pa tebulo lathu padabuka mkangano. Mnyamata wophunzira masamu ndi mtsikana wophunzira za zamoyo adayamba kukangana za buku lina lakale la Agiriki, limene onse adaliwerenga chaka choyamba, mpaka chakudya chidazizira. Palibe amene ankayembekeza malikisi pa mkanganowo. Ndidacheuka kuyang'ana mphwanga, ndipo ndidaona nkhope imene mayi wake sadaionepo: adatsamira kutsogolo, milomo ikunjenjemera kufuna kulowererapo. Kwawo kusekondale anzake ankamuseka chifukwa cha khalidwe lomwelo.

Koma musaganize kuti ndidaona zokoma zokhazokha. Cha m'ma 11 koloko usiku tidalowa m'laibulale muja ndipo mudali modzaza ngati msika wa Limbe tsiku la malipiro, koma zii, ena atagona pa mabuku awo. Ndidamvanso kayankhulidwe kena kamene sindidakakonde, kodzitama ndi mavuto. Wina akati wagona maola anayi, mnzake amati iye wagona atatu, ngati kuti akupikisana pa ubwino. Mwana wolimba amaseka zimenezi n'kukagona. Koma mwana amene amadziyesa ndi anzake pa chilichonse, amene amaona ngati kupuma ndi tchimo, malo otere angamudwalitse, ndipo angadwale mwakachetechete. Ife kwathu kuno matenda a maganizo sitiwatchula dzina, timangoti mwana wayamba ulesi kapena amulodza. Tsono ndidamuuza mphwanga kuti tikafunse kumene ophunzira amapita akathedwa nzeru, kuti ndi nyumba iti, amalipira kapena ayi, ndipo munthu amadikira masiku angati asanaonane ndi mlangizi. Adachita manyazi. Ndidati tipita basi, uone chitseko chake ndi maso ako lero uli bwinobwino, kuti tsiku loipa usadzachite kufunafuna.

Za malaya aja olembedwa za chisangalalo chokafera, tidapeza kuti amagulitsa ndi ophunzira eni ake, podziseka. Ndipo mwezi wa Meyi uliwonse, kuyambira 1987, amakhala masiku anayi akuchita mpikisano wamisala wofunafuna ndi kupanga zinthu zachabechabe zolembedwa pa mndandanda wautali, magulu a nyumba zogona akulimbana. Kwa ine chimenechi chidali chizindikiro chabwino. Anthu amene angathe kuseka mavuto awo pamodzi sadathyoke. Kumene ndidalephera ine kuja kudalibe nthabwala ngakhale imodzi yonena za sukuluyo.

Pali china chokhudza ana athu oleredwa kuno, ndipo ichi ndikuuza inu a kumbuyoko. M'maphunziro a onse aja, ana osapitirira 20 amakhala mozungulira tebulo ndi mphunzitsi, ndipo mbali ina ya malikisi imachokera pa kuyankhula. Ife tidakulerani kuti wamkulu akamayankhula muziyang'ana pansi. Enafe tidaphunzira m'masiku amene funso lofunsa m'kalasi linkafika kwina dzuwa lisanalowe, ndipo mantha amenewo tidakupatsirani osadziwa. Kumeneko mwana wokhala chete samuyesa waulemu, amamuyesa kuti sadawerenge. Ngati kutsutsa mphunzitsi pamaso pa anthu kumakuumitsani pakamwa, yambani kuyeserera panopa, ndipo inu makolo muwalole ayesere pa inu.

Tsopano za mzinda. Sukuluyi ili m'dera la Hyde Park, makilomita 11 kummwera kwa pakati pa mzinda, m'mphepete mwa nyanja ya Michigan, imene kukula kwake ndi pafupifupi kawiri nyanja yathu. Mbali yonse ya kummwerayi amaitcha South Side, ndipo mudzamva anthu ena akutchula dzinali motsitsa mawu, ngati akutchula manda. Muyenera kudziwa chimene chili kumbuyo kwa katchulidwe kameneka. Kuyambira cha m'ma 1910 mpaka 1970 anthu akuda zikwi mazanamazana adasamukira ku Chicago kuthawa nkhanza za m'zigawo za kummwera kwa America. Atafika adawapanikiza m'madera ochepa, chifukwa eni nyumba achizungu ankasainirana mapangano oletsa kugulitsa kapena kubwereketsa nyumba kwa munthu wakuda. Yunivesite ya Chicago idathandizira mapangano oterewa m'madera oizungulira. Khoti lalikulu la dzikolo litagamula mu 1948 kuti makhoti asamawateteze, padabwera njira ina: m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 nyumba zambiri za ku Hyde Park zidagwetsedwa m'dzina la kukonza mzinda, ndipo anthu zikwi zingapo, ambiri a iwo osauka ndi akuda, adasamutsidwa. Mu 1962 ophunzira ena adakakhala pansi m'nyumba ya maofesi a akuluakulu a sukulu kutsutsa tsankho m'nyumba zobwereketsa za yunivesite, ndipo mmodzi wa iwo adali Bernie Sanders. Ife amene tikudziwa mmene Blantyre adagawidwira masiku a atsamunda, uku kwa azungu, uku kwa amwenye, uko kwa ife, nkhani imeneyi si yachilendo.

Zotsatira zake zikuonekabe. Hyde Park ndi dera losakanikirana mitundu, lamitengo, lokhala ndi masitolo a mabuku oti munthu n'kusokeramo. Harold Washington, meya woyamba wakuda wa mzindawo, amene adasankhidwa mu 1983, ankakhala kumeneko. Barack Obama adaphunzitsa za malamulo pa yunivesiteyi kuyambira 1992 mpaka 2004. Koma ukayenda mphindi makumi awiri kummwera kapena kumadzulo umayamba kuona malo opanda nyumba pakati pa nyumba, ndi masitolo otsekedwa ndi matabwa. Umbanda ulipo, ndipo sindidabwere kudzaubisa. Mu 2021 anthu pafupifupi 800 adaphedwa mu mzinda wonse wa Chicago. Pofika 2024 chiwerengerocho chidatsika kufika pansi pa 600. Koma imfa zimenezi sizidamwazike mofanana mu mzinda wonse. Zambiri zimachitika m'madera ochepa, omwe aja adasiyidwa opanda ntchito ndi chitukuko.

Yunivesiteyi ili ndi apolisi akeake, amfuti, gulu lalikulu ndithu, ndipo amayendera ngakhale misewu ya kunja kwa sukulu kumene kumakhala anthu zikwizikwi amene saphunzira kapena kugwira ntchito payunivesitepo. Kholo lachizungu likamva zimenezi mtima umakhala pansi. Koma kwa zaka zambiri anthu a m'maderawo akhala akudandaula kuti achinyamata akuda ndiwo amaimitsidwa kawirikawiri. Tsono kholo la mwana wakuda lili ndi mafunso awiri pamene mnzake ali ndi limodzi. Loyamba, kodi mwana wanga adzatetezedwa kwa achifwamba? Lachiwiri, kodi omutetezawo akadzamuona usiku atavala chipewa adzamuyesa wophunzira kapena adzamuyesa wachifwambayo? Funso lachiwirili silipezeka m'timabuku ta sukulu iliyonse. Mufunse ophunzira akuda eni ake, makamaka anyamata, ndipo muwafunse pambali.

Tsiku lachitatu tidangoyenda pansi. Tidakwera basi nambala 6 kupita pakati pa mzinda ndi kubwerera, kuti mwanayu adziwe poimira pake. Tidayenda pa msewu wa 53 kumene kuli masitolo, ndipo iye adapeza malo oluka tsitsi la anthu akuda. Musaseke, abambo, mwana wamkazi amene ayenera kuyenda maola awiri kuti akaluke tsitsi amadziwa tsiku lililonse kuti malowo si ake. Tidalowa m'nyumba yosungiramo mbiri ya anthu akuda ya DuSable, kumadzulo kwa sukulu. Ndipo tidacheza ndi mayi wina wogwira ntchito m'khitchini, wa msinkhu wa mlongo wanga, amene amakhala ku Woodlawn, dera loyandikana ndi sukulu chakummwera, kumene alendo ena amauzidwa kuti asapondeko. Iye adalera ana ake anayi kumeneko. Sadatiuze kuti kulibe vuto. Adatiuza misewu imene iye mwini sayendamo kukada, nthawi imene amasiya kudikira basi payekha, ndi kuti lamya ya m'manja samayenda nayo poonekera. Adayankhula ngati mmene mayi wa ku Ndirande angamuuzire mlendo amene adamva kuti ku Ndirande anthu amaphedwa masana: anthu timakhala, ana amapita kusukulu, koma njira iyi usiku ayi. Pa ulendo wonse malangizo ake ndiwo adali olemera kuposa onse. Mukapita kukaona sukulu, kaya ndi ku Chicago, ku Johannesburg kapena ku London, funsani wophika, mlonda ndi woyendetsa basi. Iwo sakugulitsani kanthu.

Chimodzi chokha chidatinamiza, ndicho nyengo. Mu Epulo mitengo idali ikuphukira ndipo ana adali atagona pa kapinga. Koma m'Disembala dzuwa limalowa isanakwane hafu pasiti folo, ndipo mu Januwale 2019 kuzizira kudafika madigiri 30 pansi pa ziro. Mphwangayu adakulira ku Indiana, chipale amachidziwa. Mwana wochokera ku Nsanje kapena ku Salima sachidziwa, ndipo mdima wautali uja umalowa mpaka mumtima. Ine ndi mboni. Mukaona zithunzi za sukulu iliyonse ya kumpoto, dziwani kuti adajambula mwezi wabwino, pamene miyezi yambiri ya maphunziro imagwa m'nyengo yoipa.

Ndikudziwa kuti ambiri muno simungakwere ndege kukaona sukulu musanasankhe. Zambiri mwa zimenezi zimatheka muli konkuno. Lamulo la ku America la mu 1990 limakakamiza koleji iliyonse yolandira ndalama za boma kufalitsa chaka ndi chaka chiwerengero cha milandu yochitika pasukulu ndi pafupi pake, ndipo malipoti amenewa ali pa intaneti. Onaninso kuti mwa ana 100 olowa chaka choyamba ndi angati amabwerera chaka chachiwiri ndipo ndi angati amamaliza; ku Chicago oposa 90 amamaliza, kusonyeza kuti sukulu youma si sukulu yotaya ana. Kenaka lemberani a sukuluyo kuti akulumikizeni ndi wophunzira wochokera ku Africa, ndipo ameneyo mumupemphe akupatseni mnzake wina amene a sukulu sadamusankhe. Wachiwiriyo ndiye mumufunse za kudwala, za kugona, za apolisi, za tchalitchi kapena mzikiti, za kumene amagula ufa, ndi za kumene amakhala pa Khirisimasi anzake onse atapita kwawo.

Titabwerera ku South Bend tidakhala pansi atatu. Ndidamuuza mlongo wanga kuti, "Achemwali, sindingakulonjezeni kuti mwanayu sadzakumana ndi choipa. Makolo a ana atatu aja nawonso adatumiza ana awo ndi mtima wabwino. Koma ndaona ana akulima dima, ndipo uyu ndi wa mtundu wawo. Akadakhala mkulu wake uja, amene amafuna bwalo la mpira ndi anthu ambiri, amene mayeso amamudwalitsa m'mimba, ndikadati apite ku yunivesite ya boma, ndipo sikukadakhala kutsika." Mlongo wanga adalira. Adati ine ndikunena chifukwa si ine ndidamubereka. Sindidayankhe, poti pamenepo sadaname. Mwana uja adakhala chete nthawi yonseyi, kenaka adati, "Amayi, sitima ija ndi maola awiri okha. Ndizibwera kudzadya nsima."

Adalowa mu Sepitembala 2022. M'mwezi wa Febuluwale wotsatira lamya idaliranso kwanga usiku, ulendo uno adali mwini wake, akulira kuti nkhani imene adailemba sabata yathunthu yabwerera ndi malikisi amene sadawaonepo chiyambire sukulu. Sindidafunse za malikisiwo. Ndidati, "Uli ndi ndani pamenepo?" Adati anzake awiri a m'nyumba mwake amukoka kuti akadye, ndipo wina wa chaka chachitatu walonjeza kuti aiwerenga naye nkhaniyo mawa. Kenaka adati, "Atsibweni, ndidule kaye, akundidikira pakhomo." Mlongo wanga mpaka lero sadanene kuti ndidalondola, ndipo ndikamuimbira amayamba ndi kundiwerengera nkhani za umbanda za ku Chicago za sabata imeneyo.

A Wapampando, ndaona mwayang'ana wotchi kawiri. Ndikhale pansi, a mafomu abwere.